Nyumba Tinalowa, Koma Pepala Lake Likadali ku Banki

Uthenga wa alandilodi unafika usiku pa WhatsApp, tikudya nsima. Anati mwana wawo akubwerera kuchokera ku Joni, ndiye nyumba akuifuna pakatha miyezi iwiri. Nyumbayo, ku Area 18 mu Lilongwe, tinali titakhalamo zaka 6. Mapapaya a kuseri tinadzala ndife, geti litathyoka tinawotcheretsa ndife, ndipo lendi sitinaphonyepo ngakhale mwezi umodzi. Bambo a kunyumba anawerenga uthengawo, n'kuika foni pansi, n'kusamba m'manja nsima asanamalize. "Mayi a ana," anatero, "ine zokweza mabedi pa lole ndatopa nazo." Kanali kachinayi kusamuka chikwatiranireni.

Munali mu Malichi 2021. Ine ndimagwira ntchito yowerengetsa ndalama ku bungwe lina lomwe si la boma, iwo ndi mphunzitsi wa sekondale. Tikaphatikiza malipiro athu, msonkho atachotsa, zinkakwana pafupifupi K1.1 miliyoni pamwezi. Tinali titasungako K8 miliyoni m'zaka zambiri, zina za chipereganyu cha kuntchito, zina za soya amene tinkalima kumudzi ku Mchinji. Cholinga chinali chomanga pang'onopang'ono ngati mmene amachitira anthu ambiri: chaka chino faundeshoni, chaka chamawa zipupa, malata Mulungu akalola. Koma titaona anzathu amene anayamba kumanga ana ali ku pulayimale ndipo mpaka pano nyumba ili pa windo, tinati ife tikayese ngongole ya nyumba ku banki, ija amati mortgage.

Ndikulemba izi chifukwa ine, munthu wa manambala ntchito yanga, ndinasayina pepala limene mzere wake umodzi sindinaumvetse bwino. Mzerewo ndi umene watilamulira moyo kuyambira pamenepo. Koma tisanafike kumeneko, panali kaye kufufuza nyumba.

Nyumba yoyamba tinaipeza kudzera mwa dobadoba wina amene tinam'dziwa pa Facebook. Asanatinyamule n'komwe anatilipiritsa ya "kuonera", mafuta a galimoto athu omwe. Inali cha kumapeto kwa Area 25, yatsopano, ya matailosi, siling'i yoyera, mpanda wa njerwa zowotcha. Ine ndinali nditaika kale makatani m'mutu. Titafunsa mapepala, mwini wake anatulutsa kalata ya a mfumu yokhala ndi chidindo, ndi kapepala kena ka mgwirizano kolemba pamanja, mboni zitatu zitasayina. Anatiuza kuti aliyense kuderako ali ndi mapepala omwewo, ndipo mwina sananame. Koma nditapita nazo ku banki, mayi woona za ngongole anangoziyang'ana kamodzi n'kundibwezera. Banki imafuna chikole chimene ingathe kugulitsa inu mukalephera kubweza, ndipo chikolecho ndi malo olembedwa ku kaundula wa boma, okhala ndi nambala yake ndi title deed, chikalata cha boma chosonyeza mwini malowo. Kukongola kwa nyumba kwa iwo n'kwachiwiri. Ngati mukufuna kugula ndi ndalama za banki, funso la lizi, pepala la boma lopatsa munthu malo kwa zaka zoikika, lizikhala loyamba pa foni, musanathire n'komwe mafuta.

Yachiwiri inali ndi mapepala enieni, koma m'dzina la bambo amene anamwalira. Amene ankagulitsa anali mwana wawo wamkulu. Tsiku lachiwiri lokaona tinapeza mlongo wake atakhala pakhonde, atapinda manja, n'kutifunsa kuti, "Inu ndi amene mukufuna kugula nyumba ya bambo athu? Wakuuzani ndani kuti ikugulitsidwa?" Tinatsanzika mwaulemu. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lake, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi makalata a kukhoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Kukhala mwana woyamba si chilolezo.

Pamenepo miyezi iwiri ija inali itatha. Katundu tinakasungitsa kwa alamu anga, ife ndi ana atatu n'kupanikizana m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Area 23.

Yachitatu ndi imene tikukhalamoyi, ku Area 49. Yakale ndithu, zipinda zogona zitatu, malata otuwa, kuseri kuli kaboyizikota ka zipinda ziwiri. Sinandisangalatse poyamba. Khitchini inali yamdima, ndipo chiswe chinali chitadya felemu ya chitseko cha kuseri. Koma inali ndi lizi ya zaka 99 m'dzina la munthu wamoyo amene anaima patsogolo pathu ndi chitupa chake cha unzika, dzina likufanana. Anatchula K35 miliyoni.

Mabanki ndinayenda atatu. Makolo athu nkhani ya ngongole ya nyumba ankangoti "ku Building Society", komwe kunadzakhala NBS Bank, koma masiku ano mabanki akuluakulu ambiri amapereka ngongoleyi, ndipo amasiyana pa zaka zobwezera, dipoziti ndi chiwongoladzanja. Yendani ndithu, musangolowa kumene kumafikira malipiro anu chifukwa choti akukudziwani. Zimene ankafuna zinali zofanana: mapeyisilipi, sitetimenti ya miyezi ingapo, kalata ya abwana yotsimikiza kuti ntchito ndi yokhazikika komanso kuti malipiro azidzera ku banki yawoyo, zitupa, kalata ya wogulitsa yotchula mtengo, ndi kope ya title deed. Amayang'ananso zaka zimene zatsala kuti mupume pantchito, chifukwa safuna kuti ngongole ipitirire malipiro atasiya kubwera. Ife anatipatsa zaka 15.

Apa panatuluka chinthu chimene sitinkachiyembekezera. Banki imafufuza mbiri yanu ya ngongole ku mabungwe amene amasunga mbiri za okongola, ndipo dzina la bambo a kunyumba linatuluka lili ndi banga. Zaka zinayi m'mbuyomo anasayinira mng'ono wawo ngati mboni yomuimira pa ngongole ya bizinesi ya kaunjika. Mng'onoyo anasiya kubweza osauza munthu. Zotsala sizinali zambiri, koma fayilo yathu inaima milungu itatu mpaka titalipira ndi kutenga kalata yosonyeza kuti ngongoleyo yatha. Usiku umene tinadziwa zimenezi m'nyumba munalibe macheza. Ngati munasayinirapo m'bale, kafufuzeni nokha banki isanakufufuzireni.

Kenako banki inatumiza katswiri woyesa mtengo wa nyumba, ndalama zake tikulipira ife. Anabwera ndi tepi, anajambula zithunzi, anagogoda zipupa, n'kulemba kuti nyumbayo ndi ya K32 miliyoni. Banki yathu inkapereka 80 peresenti, koma osati ya mtengo wa wogulitsa ayi, ya mtengo wa katswiriyo. Ndiye kuti K25.6 miliyoni basi. Zotsalazo tione tokha. Ndinatenga lipotilo n'kupita nalo kwa wogulitsa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango umene uli pabwalo pano, ine, bambo a kunyumba ndi amalume awo amene tinawatenga kuti atilankhulire. Amalumewo anayamba ndi za mvula, za mtengo wa feteleza, za kwawo kwa wogulitsayo ku Dedza, mpaka ine ndinayamba kutopa. Patadutsa ola ndi pamene anatulutsa lipoti lija. "Achimwene, ana awa sakukana mtengo wanu, koma a banki ndi amene alemba apa." Tinagwirizana K33 miliyoni. Dipoziti yathu inakhala K7.4 miliyoni, ndipo pa K8 miliyoni ija ndinkaona ngati tatsala ndi ya makatani.

Ndalama zing'onozing'ono zija ndi zimene zinatigwetsa. Loya wa banki anapita ku kaundula wa malo kukafufuza, n'kupeza kuti nyumbayo inali idakalembedwa ngati chikole cha ngongole yakale ya wogulitsa. Iye analumbira kuti anamaliza kubweza kalekale, ndipo zinali zoona, koma sanapite kukafufutitsa. Zimenezo zinadya mwezi wathunthu. Kufufuza kumeneku mungathe kuchititsa nokha pa ndalama zochepa musanapereke ngakhale tambala kwa wogulitsa, ndipo ine lero ndikanayambira pamenepo. Panafunikanso chilolezo cha ku unduna wa za malo choti lizi isinthe dzina, satifiketi ya MRA yosonyeza kuti wogulitsa alibe vuto la msonkho, ndi umboni woti ground rent (lendi ya malo yolipira ku boma) komanso ma city rates a kukhonsolo analipiridwa. Wogulitsa wathu anali atakhala zaka asakulipira ma rates. Mwamwayi loya anatilangiza kuti zimenezo zichotsedwe pa ndalama zake, ndipo tinazilemba mu mgwirizano. Mukapanda kulemba, ngongole zoterozo mumazipeza zikukudikirani pakhomo ngati galu wa mwini wakale.

Zathu zinali izi: stamp duty, msonkho wa boma posintha umwini wa nyumba, ya 1.5 peresenti, yomwe pa K33 miliyoni inakwana K495,000, ndalama za loya posintha dzina, zinanso za loya polembetsa chikole cha banki, ndalama imene banki imadula pokonza ngongole, katswiri uja, ndi inshuwalansi ziwiri, ya moto ndi ya moyo. Zonse pamodzi zinafika cha m'ma K2 miliyoni. Palibe amene anatibisira, zinalembedwa mu kalata ya banki, koma zinkabwera imodziimodzi, iliyonse tsiku lake, ndipo iliyonse inkafunika mawa lake. Ndinakatenga ku banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi, ndinapemphanso adivansi kuntchito. Tsiku lina ndinaimika galimoto pafupi ndi munthu wa katapila amene aliyense kuntchito amamudziwa. Ndinakhala m'galimoto mphindi khumi, n'kuliza injini n'kubwerera.

Inshuwalansi ya moyo ija ndinkaiona ngati kuba. Ndinasintha maganizo mnzanga wina wa kwaya amuna ake atamwalira mwadzidzidzi ngongole ya nyumba ili pakati. Inshuwalansi inatseka ngongoleyo, ndipo iye ndi ana akadali m'nyumba mwawo. Nkhani ina imene tinakangana ndi ya dzina. Achibale ena a bambo a kunyumba ankaona kuti nyumba ikhale m'dzina la mwamuna, "monga mwa mwambo". Ine ndinakumbukira mlongo uja wa pakhonde. Tinalembetsa mayina onse awiri, ndipo chaka chotsatira tinalemba wilo.

Makiyi tinalandira kumapeto kwa Okutobala 2021, patatha miyezi isanu chigwirizanireni mtengo. Usiku woyamba tinagona pa matiresi pansi, mawindo titatchinga ndi zitenje. Mwana wathu wamng'ono anafunsa ngati angakhomere msomali pakhoma popanda kupempha. Bambo ake anam'patsa hamala.

Tsopano mzere uja. Mu kalata ya ngongole munalembedwa kuti chiwongoladzanja chathu ndi reference rate kuphatikizapo 4 peresenti. Nthawi imeneyo reference rate inali pafupifupi 12 peresenti, ndiye zonse pamodzi zinkakwana 16. Pa K25.6 miliyoni kwa zaka 15, ankatidula pafupifupi K376,000 pamwezi. Linali ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro athu. Tinawerengera, tinawerengeranso, n'kuona kuti tikwanitsa. Mayi wa ku banki uja ananena ndithu kuti chiwongoladzanjacho chimatha kusintha. Ndinagwedeza mutu. M'maganizo mwanga kusintha kunali kukwera peresenti imodzi, mwina ziwiri.

Reference rate ndi muyezo umene mabanki onse m'dziko muno amayambira powerengera chiwongoladzanja, ndipo umalengezedwa mwezi ndi mwezi. Umatsatira kwambiri policy rate, chiwongoladzanja chotsogolera chimene imakhazikitsa Reserve Bank of Malawi. Mitengo ya zinthu ikamakwera, banki yaikuluyo imakweza policy rate pofuna kuti ndalama zichepe m'manja mwa anthu, ndipo aliyense amene ali ndi ngongole ya chiwongoladzanja choyenda amakwera nayo limodzi. Pamene tinkasayina, policy rate inali 12 peresenti. Mu 2022 inakwera kawiri, kufika 14 kenako 18. Mu Epulo 2023 inafika 22, mu Julayi 24, ndipo mu Febuluwale 2024 inafika 26. M'kati mwa zaka zomwezo kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kale nkhani zimenezi zikamanenedwa pa wailesi ndinkasintha siteshoni. Tsopano ndinayamba kuzimvetsera ngati zotsatira za mayeso a mwana. Akangolengeza, pakapita milungu ingapo SMS ya banki inkalowa. Kumayambiriro kwa 2023 ankatidula zoposa K450,000. Pofika pakati pa 2024 chiwongoladzanja chathu chinali cha m'ma 29 peresenti, ndipo ankatidula pafupifupi K600,000. Nyumba yomweyo, ngongole yomweyo, siginecha yomweyo. Nthawi yomweyonso thumba la chimanga, mafuta ophikira, shuga, fizi ya ana, zonse zinali zitakwera. Malipiro anakwezedwako, koma ankabwera m'mbuyo ngati mwana wotsatira akuluakulu paulendo.

Choipa cha ngongole imeneyi n'chakuti siipempha. Malipiro akangolowa, banki imatenga zake kaye, inu mumaona zotsala. Kwa alandilodi munthu umatha kupita ndi nkhuku n'kupepesa kuti ndipereka pa 10. Kompyuta ya banki nkhuku siidziwa.

Chinanso chimene chinandiwawa ndi sitetimenti. Mwezi woyamba, pa K376,000 ija, K341,000 inali chiwongoladzanja, ndipo imene inachepetsa ngongole yeniyeni inali K35,000 yokha. Umu ndi mmene ngongole zazitali zimayendera: zaka zoyambirira mumadyetsa banki, ngongole yeniyeni imayamba kutsika mooneka kumapeto. Patatha zaka ziwiri ndi theka tikulipira mwezi uliwonse, titapereka ndalama zoposa K13 miliyoni, ngongole inali idakali pamwamba pa K24 miliyoni. Ndinaisindikiza sitetimentiyo kuntchito, n'kuipinda, n'kuibisa m'chikwama masiku atatu ndisanawaonetse bambo a kunyumba.

Kumudzi nkhani inali ina. Anthu anamva kuti tagula nyumba mu Lilongwe, ndiye kuti ndalama zilipo. Maliro, feteleza, fizi ya mwana wa achemwali, foni inkangolira. Kufotokozera apongozi kuti nyumbayo kwenikweni ndi ya banki, ife tikungoigula mwezi ndi mwezi, kunali kovuta. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mukulipirabe lendi, mwana wanga?" Ndinasowa choyankha, chifukwa mwanjira ina sanalakwe.

Chimene chinatipulumutsa ndi kaboyizikota kaja, kamene tsiku loyamba ndinkati tidzagwetse. Tinakapaka laimu, tinaikira mita yakeyake ya magetsi kuti tisamakangane za mayunitsi, n'kulowetsamo namwino wina wachitsikana. Lendi yake inkatseka mbali ya kusiyana kuja. Galimoto tinagulitsa kumapeto kwa 2023. Ndalama zake sitinadye: theka tinatseka ngongole zing'onozing'ono, theka ndinapita nalo ku banki kuti lichepetse ngongole yeniyeni. Apa chenjerani. Mukangoponya ndalama mu akaunti, zimakhala pomwepo kudikira kudulidwa kwa mwezi wotsatira. Muyenera kulemba kalata yonena kuti ndalamazi zipite ku ngongole yeniyeni, ndipo mufunse ngati pali chindapusa chobwezera msanga. Funsoli ndi bwino kulifunsa musanasayine. Pamene chiwongoladzanja chili pafupi ndi 30 peresenti, K1 miliyoni imene mwachotsa pa ngongole imakupulumutsani pafupifupi K300,000 chaka chilichonse. Palibe bizinesi ya nkhuku imene inandipatsapo phindu lotsimikizika chotero, ndipo nkhuku ndinawetapo, chitopa n'kundimalizira.

Panali mwezi umodzi, Januwale 2024, fizi ndi zina zitakumana, pamene ndinaona kuti sitikwanitsa. Mtima unkati zimitsa foni. M'malo mwake ndinapita ku banki tsiku lodula lisanafike n'kukawafotokozera. Anandiuza kuti angathe kutalikitsa zaka kuti zodula pamwezi zitsike. Titawerengera limodzi, tinapeza kuti pa chiwongoladzanja chokwera chonchi, kuwonjezera zaka zisanu kumangotsitsa ndalama zochepa kwambiri pamwezi, pamene zonse zimene udzalipire zimakwera ndi mamiliyoni. Ndinakana. Tinagwirizana njira ina yolipirira mwezi umenewo, ndipo dzina lathu silinade. Amene amathawa foni ya banki ndi amene nyumba zawo timaziwerenga m'nyuzipepala, pa tsamba la zogulitsa pa okushoni.

Anthu amandifunsa ngati ndikudandaula. Kunena zoona, ayi, ngakhale pali miyezi imene ndikanayankha mwina. Kugwa kwa kwacha komwe kunatipweteka ndi komwenso kwatithandiza mbali ina. Ngongole yathu ili m'makwacha a 2021, pamene simenti, malata ndi mapuloti zakwera moti K33 miliyoni lero singagule nyumba ngati iyi kuno. Lendi ya nyumba ngati imene tinkakhala ku Area 18 nayonso yakwera kwambiri. Anzathu amene anasankha kumanga pang'onopang'ono sagona ndi mantha a banki, ndipo ndimawasirira pa zimenezo, koma chaka chilichonse ndalama zawo zimagula matumba ochepa a simenti kusiyana ndi chaka chatha. Njira zonse ziwiri zili ndi minga yake. Walira mvula walira matope.

Chimene ndikanachita mosiyana ndi chimodzi. Banki itandiuza kuti malipiro athu akulola K376,000 pamwezi, ndinatenga nambalayo ngati chilolezo, n'kukongola mpaka pamzere. Ndikanapempha mayi uja kuti andiwerengere zodula pamwezi chiwongoladzanja chitakwera ndi 10 peresenti, ndione nambalayo ndi maso anga, n'kudzifunsa ngati ana angadye. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri pa kompyuta yawo. Nambalayo ikanandiopsa, ndipo mwina tikanadikira chaka china kuti dipoziti ikule, kapena tikanafuna nyumba yocheperako. Mng'ono wanga akufufuza nyumba ku Blantyre panopa, cha ku Machinjiri ndi ku Chileka, ndipo ndinamuuza kuti asandiimbire za matailosi, andiimbire akapeza nambala ya lizi ndi nambala iyi.

Khitchini yamdima ija tinaboola windo lina chaka chatha. Felemu ya chitseko cha kuseri tinaika yachitsulo. Mango a mtengo uja ana amagulitsa pageti mu Disembala, ndalama zake n'zawo. Title deed yeniyeni sindinaigwirepo m'manja chilembetsereni mayina athu. Inachoka kwa loya kupita ku sefa ya banki, ndipo idzatuluka ngongole ikadzatha, mu 2036, kapena msanga ngati tipitiriza kuponyako kangachepe pamwamba. Imene ndili nayo ndi fotokope, ili mu envelopu ya khaki pansi pa zovala za ana zimene zinawachepera. Mwezi uno reference rate ndaiona kale. SMS ilowa pa 27.